Alendo a m'dzinja: mbalame zomwe tikuona mu Disembala ndi Januwale

Ophunzira athu, makolo ndi akuluakulu a komiti, mvula ikakhazikika chimanga n'kufika m'mawondo, mitundu ya mbalame imachuluka kuposa nyengo ina iliyonse. Pa 21 kapena 22 Disembala m'pamene usana umatalikitsitsa kum'mwera kwa dziko lapansi kuno, pomwe ku Ulaya ndi kumpoto kwa Asia kumakhala chisanu choopsa. Kumeneko tizilombo timasowa, koma kuno ngumbi, ziwala ndi mbozi zimangoti mbwee. Mbalame zimatsata chakudyacho. Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo zomwe tikuona panopa tingaziike m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la zochokera kutali, zomwe siziikira mazira kuno. Anamzeze ambiri omwe amandandalika pa mawaya a magetsi kuyambira Okutobala mpaka Epulo anaswedwa ku Ulaya kapena ku Asia. Namzeze mmodzi amalemera pafupifupi magalamu 20, koma amauluka makilomita masauzande angapo, ndipo ena amadutsa chipululu cha Sahara. Tisawasokoneze ndi anamzeze omata zisa zadothi m'khonde mwa nyumba, chifukwa amenewo ndi a mu Africa mom'muno.

Palinso white stork, mbalame yaitali, yoyera, ya nthenga zakuda kumapiko, mlomo ndi miyendo yofiira. Iyi sikupiza mapiko kwambiri. Imayandama pa mpweya wotentha wokwera kuchokera kumtunda. Pamwamba pa nyanja mpweya wotere umasowa, choncho zobwera chigawo chino cha Africa zimalambalala nyanja ya Mediterranean podzera ku Istanbul ku Turkey, ku Middle East ndi ku Egypt. Kale anthu a ku Ulaya sankadziwa komwe mbalame zawo zimapita m'chisanu, ena mpaka ankati anamzeze amabisala m'matope pansi pa madziwe. Mu 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, munthu anaombera white stork yomwe inali ndi mkondo wa ku Africa pakhosi. Mbalameyo inasungidwa ku yunivesite ya Rostock ngati umboni wa ulendo wautaliwu.

Yochokera kutali zedi ndi Amur falcon, kamphamba kakang'ono komwe kamaswa kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China. Kamapuma ku Nagaland m'dziko la India, kenako n'kuwoloka nyanja makilomita pafupifupi 3,000 kukafika ku Africa. Mu 2012 zinaululika kuti timphambati tinkagwidwa ndi maukonde miyandamiyanda pafupi ndi damu la Doyang ku Nagaland. Eni midzi anagwirizana zosiya, ndipo lero alendo amapita kukationa. Tikamationa tikuthamangitsa ngumbi madzulo, tidziwe kuti tafika kuno chifukwa anthu ena anatileka tidutse.

Gulu lachiwiri ndi la mbalame za mu Africa zomwe zimabwera kudzaswa. Yosowa kwambiri ndi blue swallow, namzeze wabuluu wa mchira wautali, yemwe ali pa mndandanda wa mbalame zomwe zili pachiopsezo. M'dzinja amamanga chisa m'maenje ndi m'mauna a nyama, m'madambo a msipu wa pamapiri monga pa Nyika. Mvula ikatha amalowera kumpoto, ku madera ozungulira nyanja ya Victoria. Msipu wa pamapiri ukalowedwa ndi mitengo yachilendo monga paini, kapena ukalimidwa, namzezeyu amasowa poikira. Nayo Diederik cuckoo, yobiriwira monyezimira, imamveka kwambiri mvula ikayamba. Iyi simanga chisa: imazembetsa dzira lake m'chisa cha tchete, atchetewo n'kulera mwana wosakhala wawo.

Gulu lachitatu ndi la eni dziko, okhala kuno chaka chonse. Atchete aamuna amasintha nthenga kukhala zachikasu chowala n'kuyamba kuluka zisa, ndipo wamkazi amayamba wachiyendera chisacho asanachilole. Amaswa m'dzinja chifukwa anapiye amafuna tizilombo tofewa ndiponso udzu wolukira umakhala wauwisi. M'gulu lomweli muli zosowa ziwiri za m'nkhalango za pamapiri a kum'mwera. Yellow-throated apalis imapezeka m'Malawi mokha, m'mapiri monga Zomba ndi Mulanje. Thyolo alethe imapezeka kum'mwera kwa Malawi ndi pamapiri ochepa a ku Mozambique. Nkhalango zimenezi zikatha ndi nkhwangwa, mbalamezi zilibe kwina kothawira.

Magulu onse atatu amakumana ku madambo akuluakulu. Nyanja ya Chilwa ndiyo inali malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo, ndipo Elephant Marsh ku chigwa cha Shire inatsatira mu 2017. Ku Chilwa mbalame ndi ndiwo komanso ndalama, makamaka nsomba zikasowa monga zinachitikira nyanjayi itaphwa mu 1995. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa kumeneko chaka chilichonse. Patsogolo pake osaka mbalame anapanga magulu, mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, n'kupatula malo ena kuti mbalame ziziswa mosasokonezedwa. Iwo anazindikira kuti wopha mbalame yofungatira waphanso mazira ake onse, ndipo chaka chamawa msampha wake womwe udzagona ndi njala.

Nafenso nkhaniyi ikutikhudza. Anamzeze amadya tizilombo touluka, white stork amatola dzombe, ziwala ndi mbozi m'minda, pomwe akakowa amatsata ng'ombe n'kumadya tizilombo tovumbuluka mu udzu. Zonsezi zimathandiza mlimi popanda kugula mankhwala.

Choncho tikupempha ophunzira kuti kuyambira pano mpaka Epulo malegeni ndi ulimbo zipume, ndipo zisa zisaphwasulidwe. Makolo, tikamapopera mankhwala m'munda tisatsukire zopoperazo m'madziwe omwe mbalame zimamwa. A komiti, ngati pali mtengo wofunika kusadzidwa pasukulu kapena pamzikiti koma uli ndi zisa, tidikire anapiye auluke.

Ophunzira okonda sayansi akhale ndi kope lolembamo tsiku, malo, nthawi, kukula kwa mbalame, mtundu wa nthenga ndi chomwe imachita. M'mamawa ndi madzulo ndiyo nthawi yabwino. Mwezi wa Januwale uliwonse, maiko ambiri amawerenga mbalame za m'madzi, ndipo ntchito imeneyo imayamba ndi luso lomweli. Mukapeza mbalame yakufa yokhala ndi kamphete kachitsulo pamwendo, lembani manambala ndi mawu onse ali pamenepo mukapereke kwa aphunzitsi, chifukwa kampheteko kamanena dziko lomwe inavekedwa.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Pofika kumapeto kwa Epulo mawaya adzakhala opanda anamzeze a ku Ulaya aja, ndipo kope lanu lidzatiuza tsiku lomwe munawaona komaliza.