Kafukufuku wa zotupa za mu ubongo: pamene madokotala afika

JOHANNESBURG – Zotupa za mu ubongo n'zovuta kuchiza chifukwa ubongo uli ndi chotchinga chachilengedwe chimene chimaletsa mankhwala ambiri oyenda m'magazi kufika pa chotupacho.

Mtundu woopsa kwambiri ndi glioblastoma. Mu 2005, kafukufuku wa odwala 573, wotsogoleredwa ndi mabungwe a ku Ulaya ndi Canada, adapeza kuti kuphatikiza mankhwala a temozolomide ndi radiotherapy kumatalikitsa moyo. Patatha zaka ziwiri, odwala 26 mwa 100 alionse adali akadali moyo, pamene mwa olandira radiotherapy yokha adatsala 10 okha. Njirayi ndi imene madokotala amatsatirabe, ngakhale kuti siichotseratu matendawa.

Mu mzinda wa Johannesburg, radiotherapy imaperekedwa pa chipatala cha boma cha Charlotte Maxeke, pamene yunivesite ya Wits imaphunzitsirapo madokotala. Mu 2017 chipatala cha Netcare Milpark chidayamba kugwiritsa ntchito makina a Gamma Knife, amene amalunjikitsa cheza chochokera mbali 192 pa chotupa popanda kutsekula chigaza. Makinawa amathandiza makamaka pa zotupa zing'onozing'ono.

Mankhwala atsopano asanayesedwe pa anthu ku South Africa, pamafunika chilolezo cha bungwe la SAHPRA komanso cha komiti yoteteza ufulu wa odwala. Komiti ya ku Wits idakhazikitsidwa mu 1966. Wodwala amayamba wafotokozeredwa kuopsa kwake asanasaine, ndipo ali ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse osataya chithandizo chake.