Chotupa Chikaphwa, Khansa ya Burkitt Siinathe

M'midzi yathu ya ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma timaona ana amene atupa nsagwada kapena mimba m'masabata ochepa chabe. Nthawi zambiri imeneyi imakhala khansa ya Burkitt, imene imagwira maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi. Dokotala Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, ndipo imafala kumene kuli malungo ambiri.

Selo lililonse lili ndi malangizo a chibadwa otchedwa DNA. Pa khansa imeneyi, kachigawo ka malangizowa kotchedwa MYC kamachoka pamalo pake nkukalumikizika pena, motero selo limangochulukana osalekeza. Kuno kwathu maselo odwalawa amakhalanso ndi kachirombo ka Epstein-Barr, kamene kanadziwika mu 1964.

Mankhwala akayamba, chotupa chimaphwa msanga, ndipo makolo amaganiza kuti mwana wachira. Komatu maselo ochepa amatha kubisala. Nanga madokotala angawadziwe bwanji? Kafukufuku wa pa chipatala cha Kamuzu Central, amene anasindikizidwa mu 2017 ndi akatswiri a UNC Project-Malawi, anaonetsa kuti DNA ya kachiromboka imayezeka m'magazi. Ana amene inkapezekabe m'magazi mwawo akulandira mankhwala anali pa chiopsezo chachikulu kuposa anzawo. Kafukufuku wa kumayiko ena waonetsanso kuti kachigawo kena kotchedwa TP53 kakawonongeka, khansayi imabwerera kawirikawiri.

Zizindikirozi si chiweruzo cha imfa ayi. Ndi chenjezo lothandiza dokotala kudziwa mwana wofunika kumuyang'anira mwapadera. Zikutiphunzitsa kuti maso athu okha sangatsimikize kuti matenda atha. Khansa imeneyi ikabwerera, imatero makamaka m'chaka choyamba, ndipo imavuta kuchiza kuposa poyamba.

Choncho ife akhristu, makamaka akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, tili ndi udindo. Mwana wotupa tipite naye msanga ku chipatala chapafupi, monga cha St Gabriel ku Namitete chimene asisitere a Chikarmeli anachitsegula mu 1959, kuti atumizidwe ku Kamuzu Central. Tiwalimbikitse makolo kuti mwana amalize mankhwala onse ndi kubwerera pa tsiku limene adokotala anena. Banja likasowa ndalama ya ulendo, mphakati usonkhe. Kuyendera odwala ndi ntchito yachifundo imene Ambuye anatilamula, ndipo pemphero lathu liziyendera limodzi ndi chithandizo cha kuchipatala.