Wofuna kugwetsa mnzake ayambe waphunzira kugwa

Masewera omenyana ali m'magulu awiri. Ena ndi oponya zibakera ndi mateche, monga nkhonya, karate ndi taekwondo. Ena ndi ogwirana n'kugwetsana, monga judo ndi jiu-jitsu. M'gulu lachiwirili munthu samenyedwa kumaso, choncho ambiri amaliyesa lopanda ngozi. Ngozi zilipo ndithu, kungoti zimagwera pakhosi, paphewa, pachigongono ndi pabondo.

Kugwetsana si kwachilendo m'midzi ya ku Chiradzulu. Anyamata akhala akuyesana mphamvu kudambo ndi pabwalo la sukulu kuyambira kale, ndipo lero amawonjezerapo zimene aona m'nyumba za vidiyo pa Njuli, Mbulumbuzi kapena Namadzi. Chimene saona n'chakuti John Cena ndi anzake a m'mavidiyowo amagwera pabwalo lokonzedwera zimenezo, atapangana kale kagwetsedwe kake. Mwana wa ku Namitambo amagwera padothi louma gwa la mu Okutobala.

N'chifukwa chake mu judo, yomwe Jigoro Kano anaiyambitsa ku Tokyo mu 1882, phunziro loyamba ndi kagwedwe: chibwano chigunde pachifuwa, msana upindike, mkono wonse umenye pansi. Wotsogoza chikhatho kuti adzitchinjirize ndiye amathyoka mkono kapena kuguluka phewa. Choopsa kwambiri ndi kumenyetsa nkhongo pansi. Ku Japan komweko ana asukulu oposa 100 anamwalira pa judo pakati pa 1983 ndi 2011, ambiri atavulala mutu, ndipo ochuluka anali ongoyamba kumene.

Bondo limavulala phazi likakhazikika pansi thupi n'kutembenuka, kapena wina akagwera mwendo wa mnzake cham'mbali. Apo mtsempha wolumikiza mafupa m'kati mwa bondo umaduka. Ngakhale akatswiri sapulumuka: mu 1980 Yasuhiro Yamashita anathyoka mwendo mnzake atamupana ndi miyendo ngati sizasi, ndipo kagwetsedwe kameneko kanadzaletsedwa mu judo.

Pansi pali kupotokola mkono ndi kufinya pakhosi. Mitsempha ya magazi ya m'mbali mwa khosi ikapanikizika, munthu amakomoka m'masekondi pafupifupi 10. Lamulo lake ndi limodzi: wogwidwa akaomba mnzake kapena pansi kawiri, wogwirayo asiye pomwepo. Zigongono zambiri zimawonongeka chifukwa wina anachita manyazi kugonja anzake akuona, kapena winayo anakoka mwamphamvu osapereka mpata. Palinso chipere, chomwe chimafala msanga pamene anthu akukhudzana thukuta lili kamukamu pa matiresi osatsuka.

Kuvulala kotere kumalemera mosiyana malinga ndi kumene munthu akukhala. Pachipatala cha boma cha Chiradzulu kapena cha St Joseph's ku Nguludi, fupa lothyoka amatha kuliwongola n'kulimanga chikhakha, ndipo zovuta amazitumiza ku Queen Elizabeth mu Blantyre. Koma mtsempha woduka m'bondo suoneka pa X-ray, ndipo opaleshoni yake sipezeka wamba m'dziko muno. Kwa wakabaza kapena mlimi wa nandolo, bondo logwedera ndiye kuti ntchito yaima. Womenyetsa mutu, akayamba kusanza, kusokonezeka, kuwodzera kapena kumva mutu ukuwawirawawira, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asabwerere kukasewera dokotala asanalole.

Pankhani yodziteteza, ubwino wa masewera ogwetsana ndi woti munthu amayeserera ndi mnzake amene akulimbikira ndi mphamvu zake zonse. Amazolowera kugwidwa osanjenjemera, amadziwa kupulumuka m'manja mwa womuposa thupi, ndipo angathe kugwira woledzera wovuta pamaliro osamuvulaza. Malire ake amaonekera usiku pamsewu. Achifwamba olanda njinga zamoto sayenda okha, ndipo amanyamula zikwanje. Wogubuduzika pansi ndi mmodzi wapereka msana kwa enawo. Pamenepo kusiya katundu n'kuthawa ndiyo nzeru, lamba wakuda wa ukatswiri kaya alipo kaya palibe. Nkhonya imaphunzitsa kutalikirana ndi mdani ndi kuyendetsa mapazi, koma zibakera za kumutu zimawononga ubongo pang'onopang'ono. Karate yongomenya mphepo popanda mnzake woyeserera naye imapatsa munthu kudzikhulupirira kopanda maziko.

Umboni wooneka bwino wa njira yodzitetezera yothandiza m'Malawi sunachokere ku masewera aliwonse mwa amenewa. Bungwe la Ujamaa Pamodzi Africa linaphunzitsa atsikana a m'sukulu za ku Lilongwe, Dedza ndi Salima kwa maola 12 okha: kuzindikira ngozi isanafike, kukana mokweza mawu, kukuwa, kudzimasula ndi kuthawa, kumenya kukhala komaliza. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anapeza kuti kugwiriridwa kunachepa pakati pa atsikana ophunzitsidwawo. Malamulo a dziko nawonso amalola mphamvu yolingana ndi chiopsezo basi. Kupitiriza kumenya munthu amene wagwa kale ndi mlandu.

Judo ili ndi bungwe lake m'dziko muno, la Judo Association of Malawi, ndipo Harriet Bonface anaimira Malawi pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021, kotero n'zotheka kufunsa kuti mphunzitsi anaphunzira kuti ndipo akudziwika ndi ndani. Kholo kapena wachinyamata ayambe wakaonerera tsiku limodzi asanalipire kalikonse. Aone ngati pansi pali poyala pofewa mokwanira, ngati atsopano akuyamba ndi kagwedwe, ngati akuphatikizidwa molingana msinkhu ndi kulemera, ndiponso ngati woomba pansi akusiyidwa nthawi yomweyo. Malo amene mphunzitsi amaonetsera ukatswiri wake pathupi la wophunzira watsopano, kapena amene amagwetsana pasimenti, ndi oyenera kuwapewa, dzina la masewerawo likhale lotchuka chotani.