Besi ndi Ng'oma Yovala Nsambo

Kukakhala ukwati pa Mpingu usiku wa Loweruka, munthu amene wagona mudzi wachitatu samva mawu a woimba. Samva kiyibodi, samvanso gitala. Chimene chimamupeza pamphasa ndi kugunda kokha, du, du-du, du, ngati wina akusinja pansi pa nthaka. Imeneyo ndi besi pamodzi ndi ng'oma yaikulu. Zoimbira zina zonse zathera m'njira, m'mitengo ndi m'makoma a nyumba, koma mawu aakuluwa afika.

Poiona, besi ili ngati gitala yomwe yakula msinkhu: khosi lalitali, thupi la thabwa losagoba, ndi nsambo zinayi zonenepa. Inatchuka kuyambira mu 1951 pamene Leo Fender wa ku California anayamba kugulitsa besi yotchedwa Precision Bass. Kale oimba ankanyamula chibesi choimirira, chotalika ngati munthu, chimene mawu ake ankamira zoimbira zina zikasokosa. Fender anachichepetsa kuti chizikolekedwa paphewa, n'kusiyira magetsi ntchito yokuza mawu. Koma munthu wa kwa Njewa safunika kupita ku America kuti amvetse mmene besi imagwirira ntchito. Ngati anakhalako pabwalo la gule n'kuona anthu akukonza ng'oma, sukulu yake anatsiriza kale.

Woimba ng'oma aliyense amadziwa zinthu zitatu. Choyamba, ng'oma yaikulu imalira mozama kuposa yaing'ono. Nsambo nayonso ikatalika mawu amatsika. Ya gitala wamba imakhala pafupifupi masentimita 65 pamalo pamene imanjenjemera, pamene ya besi imafika 86. Woimba akakanikiza chala pa tizitsulo ta pakhosi, amakhala akufupikitsa nsamboyo. Akaidula pakati penipeni, imanjenjemera mofulumira kawiri ndipo liwu lomwe lija limabwera mokwera, ngati nyimbo imene anayambitsa bambo waitenga mwana.

Chachiwiri, ng'oma ikazizira imalira mwaulesi, ndiye amaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike. Makiyi anayi a kumutu kwa besi ndiwo moto wake. Ukapotokola kuti nsambo ikungike liwu limakwera, ukamasula limatsika. Ndipo paja ng'oma yolira sichedwa kung'ambika: wokunga mopyola muyeso amadula nsambo kapena kupinditsa khosi.

Chachitatu ndi phula. Akafuna kuti ng'oma ilire mozama, amamata phula pakati pa chikopa. Chikopa chimalemera, chikalemera chimanjenjemera pang'onopang'ono, ndipo mawu amatsikira pachifuwa. Pano ndi pamene pagona nzeru ya nsambo za besi. Mukaiyang'anitsitsa nsambo yaikulu ija muona kuti si waya mmodzi ayi. Mkati muli waya woonda wachitsulo, ndipo pamwamba pake akulungapo waya wina mozungulira kuyambira uku mpaka uko. Wokulungayo ndiye phula. Akanangotenga chitsulo chimodzi chonenepa, chikanauma gwa ngati sipoko ya njinga, osatha kuvina. Choncho wamkati amapereka kufewa, wakunja amapereka kulemera. Nsambo yaikulu, yotchedwa E, imanenepa pafupifupi mamilimita 2.7 ndipo imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi. Yotsatira, A, ka 55. D ka 73. Ndipo yoonda kwambiri, G, ka 98. Mabesi ena ali ndi nsambo yachisanu, B, yotsika mpaka ka 31, pafupi ndi pamene khutu limasiyira thupi kuti lizimva lokha.

Kakulungidwe kalinso ndi mitundu. Pali nsambo zokhakhala, zokulungidwa ndi waya wobulungira, zimene ukamayendetsa chala zimamveka ngati chingwe chopota. Izi zimalira mowala, mwakuthwa, ndipo zimayenera nyimbo zothamanga ngati sungura, mmene besi imayankhula ngati munthu. Amene anamvapo Alick Macheso wa ku Zimbabwe, mwana wa bambo ochokera kuno, akudziwa besi yotere. Palinso nsambo zosalala, zokulungidwa ndi waya wophwatalala ngati lamba, zimene zimalira mofatsa ndi mozama. James Jamerson, amene anaimba besi m'nyimbo zambiri za kampani ya Motown ku Detroit m'zaka za m'ma 1960, ankakonda zosalalazi ndipo ankakhala nazo zaka osasintha. Koma kuno, ndi fumbi la mu Okutobala pamsewu wa ku Kabudula, nsambo zokhakhala sizichedwa kufa. Thukuta ndi fumbi zimalowa m'mipata ya waya n'kukhala phula losafunika, ndipo ng'oma yochuluka phula imangoti phwa. Kansalu kouma kopukutira mukatha kuimba n'kotchipa kuposa nsambo zatsopano za m'tauni.

Tsono nsambo payokha ilibe mawu okwanira. Babatoni, besi yathu ya nsambo imodzi, ali ndi ng'oma yachikopa kumunsi imene imalandira kunjenjemera kwa waya n'kukankha mpweya. Ndi chida chimenechi Yobu Maligwa wa Madalitso Band anachokera nacho m'misewu ya Lilongwe kukaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako ku Ulaya. Ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ali ndi wake wotalika pafupifupi mamita 3. Besi yamagetsi ilibe chikopa. Mukaikhwatcha osailumikiza, ngakhale nkhuku ya pakhonde siitembenuka.

M'malo mwa chikopa muli pikapu, osati ija yonyamula mabelo a fodya, koma kabokosi kakuda kokhala pansi pa nsambo. Mkati mwake muli maginito ozunguliridwa ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo zikwi zingapo. Kumbukirani dayinamo ya njinga za agogo: tayala likamazungulira, maginito amayenda pafupi ndi waya ndipo nyali imayaka. Pa besi, chimene chimayenda ndi nsambo yachitsulo. Ikamavina pamwamba pa maginito, mu waya muja mumabadwa timagetsi tochepa tovina mofanana ndi nsamboyo. N'chifukwa chake chingwe cha nayiloni sichingagwire ntchito pa besi yotere: maginito sachidziwa.

Timagetsi timeneti sitingasunthe kanthu. Tili ngati mnyamata woyendetsa ngolo yopita kumsika wa Nsaru. Mnyamatayo sangakoke matumba khumi a chimanga. Chake ndi kamkwapulo ndi likhweru. Zokoka ndi ng'ombe. Ampulifaya, imene oimba amangoti ampu, ndiyo ng'ombezo. Mphamvu imazitenga kukhoma, kujenereta kapena kubatire ya sola, koma kolowera imamvera mnyamata uja. Akati kumanzere, kumanzere. Akati imani, zimaima. Ampu yabwino siwonjezera nyimbo yake, imangokoka mokhulupirika.

Katundu wokokedwayo ndi sipika, ndipo sipika ndi lichero lokupizira mpweya. Mawu okwera ndi timafunde tating'ono, moti ngakhale kasipika ka foni kamatha kutipanga. Koma funde limodzi la nsambo ya E limatalika mamita oposa 8, kuposa chipinda chogona. Kuti upange funde lotere uyenera kukankha mpweya wambiri nthawi imodzi. Yesani kukupiza moto ndi sipuni, muona chifukwa chake nyimbo ya rege imamveka yopanda mafupa pafoni. Mu 1969 kampani ya Ampeg inatulutsa ampu ya SVT ya mawati 300, yoyendera limodzi ndi chibokosi cha masipika 8, chachikulu ngati firiji. Sikunali kudzionetsera, koma kuti besi imadya mphamvu kuposa gitala. Ndipo funde lalitali lomweli ndi limene limazungulira nkhokwe, kudutsa khoma la njerwa n'kukapeza munthu uja pamphasa.

Apa ndi pamene makwaya ndi mabandi ambiri a kumudzi amalirira ndalama. Amalumikiza besi ku kaampu ka gitala, n'kukweza mpaka kumapeto. Kasipika kake kamakankhidwa kupyola pamene kangafike, kamayamba kulira ngati wang'amba nsalu, kenako kamapsa. Kumeneko n'kumanga thole pagoli la nkhunzi. Ena amalumikiza masipika ambiri ku ampu imodzi poganiza kuti mawu achuluka. Komatu masipika awiri a ma ohm 8 akalumikizidwa mbali ndi mbali amasanduka katundu wa ma ohm 4, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti ngolo ikulemera. Kumbuyo kwa ampu iliyonse amalemba nambala yotsikitsitsa imene ingapirire. Mukatsika kupyola pamenepo, ng'ombe zimatentha thupi n'kugwada pamtunda, ukwati uli pakati.

Zonsezi zikakhala bwino, chotsala ndi chala cha munthu. Woimba besi wanzeru amatchera khutu ku phazi la woimba ng'oma, n'kumaponda pamene iye waponda, kwinaku akuuza oimba ena kumene nyimbo ikulowera. Anthu a m'bwalo samuombera m'manja kawirikawiri. Maso awo ali pa woimba wa patsogolo. Koma tsiku lina jenereta ikadzatsokomola ampu ya besi n'kuzima, mudzayang'ane miyendo ya ovina. Pakamwa nyimbo idzapitirira, koma fumbi lidzayamba kukhala pansi.