Musanatsitse galimoto, funsani kaye za ma shock

Galimoto yotsika imakoma m'maso, izi palibe angatsutse. Mukatsegula TikTok kapena Instagram mupeza ma Toyota 86, ma Golf GTI ndi ma BMW atagwada pansi, tayala litalowa m'madigadi moti chibakera sichingalowe. Fashoniyi yafikanso kuno kwathu. Ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu anyamata akutsitsa ma Altezza, ma Mark X ndi ma Subaru awo, ndipo inenso ndine mmodzi mwa anthu amene timatembenuka galimoto yotere ikamadutsa.

Koma chimandidandaulitsa n'choti ambiri akumangogula theka la katundu. Amagula masipuling'i aafupi, ma shock n'kusiya omwewo amene galimoto inabwera nawo kuchokera ku Japan. Pamenepo ndi pomwe ndalama ndi matayala zimayambira kutha, ndipo tsiku lina mabuleki amadzakhumudwitsa pamalo oipa.

Tiyambe ndi ntchito ya ziwirizi. Sipuling'i ndiyo imanyamula kulemera kwa galimoto. Tayala likagunda bampu imafinyika, kenako n'kubwerera. Vuto lake ndi loti payokha sidziwa kuleka, imangopitiriza kunjanja ngati bedi la masipuling'i limene mwana walumphirapo. Shock ndiyo imailetsa. Mkati mwake muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo ting'onoting'ono. Galimoto ikamakwera ndi kutsika, oyiloyo amakakamizika kudutsa m'timabowomo, ndipo mphamvu ya kudumpha ija imasanduka kutentha n'kutha. Ku fakitale, mainjiniya amatchera shock molingana ndi kulimba komanso kutalika kwa sipuling'i yake. Ziwirizi zili pabanja. Mukasintha mmodzi, mnzakeyo amamva kuwawa.

Titenge chitsanzo cha Toyota 86, galimoto yamasewero imene kampani za Toyota ndi Subaru zinapangira limodzi n'kuitulutsa mu 2012. Imeneyi inabadwa yotsika kale: kuchokera pansi kufika kumimba kwake pali mamilimita pafupifupi 130. Foni yomwe mukuwerengera nkhaniyi mukaiimika choimirira, mwina singalowe pansi pake. Masipuling'i odziwika a Eibach Pro-Kit, a kampani ya ku Germany, amaitsitsa ndi mamilimita pafupifupi 25. Zikuoneka zochepa, eti? Koma mamilimita amenewo achotsedwa pa mpata womwe tayala limayenda likagunda dzenje. Pofuna kuti galimoto isamagunde pansi ndi mpata wochepawo, sipuling'i yotsitsira amaipanga yolimba kuposa ya ku fakitale.

Tsono taganizani zomwe zimaichitikira shock yakale. Choyamba, yapatsidwa sipuling'i yamphamvu kuposa imene inatcheredwa kuti izigwira, ndiye imalephera kuiletsa msanga. Galimoto imadumpha kawiri kapena katatu pa bampu imodzi. Chachiwiri, pisitoni yake tsopano ikukhala chakumunsi, pafupi ndi mapeto a ulendo wake, choncho dzenje laling'ono lomwe limaigunditsa pa kalabala koteteza kaja kotchedwa bump stop. Ndi kugogoda kuja mumamva mpaka m'mano. Chachitatu, galimoto zambiri zomwe timaitanitsa zimafika zitayenda kale zaka zingapo, ma shock ake atatopa. Kuwawonjezera ntchito ndi kuwafulumizitsa kumanda. Posakhalitsa muona oyilo akuchucha m'mbali mwake.

Wina anena kuti kudumphako n'kupirira chabe, bola galimoto ikutchena. Ayi ndithu. Tayala likamadumpha ndiye kuti pali kanthawi kamene silikugwira msewu mokwanira, ndipo tayala limene silikugwira msewu silingaimitse galimoto kapena kuikhotetsa. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Pa M1, pomwe mbuzi, kabaza kapena mwana wasukulu angatulukire nthawi iliyonse, mamita ochepa okha ndi amene amasiyanitsa kudzidzimuka ndi maliro.

N'chifukwa chake kampani zopanga zida zimenezi zimagulitsa ma shock opangidwira masipuling'i aafupi. Bilstein, ya ku Germany, ili ndi B6 ya galimoto yosatsitsidwa, komanso B8 imene ndi yofupikirapo, yoyenera galimoto yotsitsidwa. Kufupikako kuli ndi ntchito: tayala likalendewera, mwachitsanzo pamwamba pa hampu kapena galimoto ili pa jeke, shock yaifupi imaigwirabe sipuling'i kuti isaseweresewere pampando wake. Palinso seti ya B12 Pro-Kit, imene imaphatikiza ma shock a Bilstein ndi masipuling'i a Eibach oyesedwa limodzi. Koni ya ku Netherlands ili ndi ma shock achikasu a Sport amene mungathe kuwalimbitsa kapena kuwafewetsa. Ena amasankha ma coilover, monga a Tein ya ku Japan, pomwe sipuling'i ndi shock zimabwera zili chinthu chimodzi ndipo kutalika kwa galimoto mumatchera nokha. Sindikutsatsa malonda a wina aliyense. Mfundo ndi yoti ngakhale eni ake opanga zinthuzi amaziona ngati katundu mmodzi.

Pali njira ina yachidule yomwe ndimaiona m'magalaja ena a pansi pa mtengo: kudula sipuling'i ndi grinder, kapena kuiwotcha ndi moto wa gasi mpaka itakhala pansi. Mnzanga wina anachita zimenezi pa Altezza yake. Tsiku loyamba tonse tinajambulitsa nayo. Patangotha miyezi yochepa galimoto inali itapendekera mbali imodzi, matayala akutsogolo atadyeka mkati mpaka mawaya kuonekera, kunja kwake akuoneka atsopano. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Masipuling'i ambiri ali ndi mapeto opindidwa mwapadera kuti akhale bwino pampando wake, ndipo mukadula mapetowo sakhalanso bwino. Moto nawo umaononga kulimba kwa chitsulo, moti sipuling'i imapitiriza kufwa pang'onopang'ono kapena kuthyoka. Komanso ndi makaniko uti angadule zinayi zonse mofanana ndi diso lokha?

Ngakhale mutagula seti yabwino, ntchito sithera pomanga. Galimoto ikatsika, mikono yogwira matayala imasintha kaimidwe. Matayala amapendekera mkati chakumwamba, chomwe amakaniko amati camber, ndipo kuloza kwake kutsogolo, toe, nako kumasokonekera. Toe ikalakwika ngakhale pang'ono, tayala limakhala likukhula msewu ulendo wonse. Choncho wheel alignment ndi yokakamiza, ndipo ndi bwino kukaionetsanso pakapita masiku angapo masipuling'i atakhazikika. Muwauzenso amakaniko kuti mabawuti a m'mabushi awamange komaliza galimoto itatsika pa jeke, itaima ndi kulemera kwake. Akamanga ili m'mwamba, labala wa bushi amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo amang'ambika msanga. Magetsi akutsogolo nawo afunika kuwatcheranso kuti musamathobwe anzanu m'maso usiku. Ndipo chonde, osayesa kumasula sipuling'i ya kutsogolo kunyumba popanda chida chofinyira chotchedwa spring compressor. Sipuling'i yofinyika ikapulumuka imatha kuthyola dzanja kapena nsagwada.

Nanga titsitse mpaka pati? Ku Japan komwe, kumene misewu yake ndi yosalala, lamulo silimalola galimoto wamba kutsika kupitirira masentimita 9 kuchokera pansi. 86 ija mukaichotsera mamilimita 25 imatsala ndi 105, ikadali pamwamba pa malirewo. Mukaichotsera 60, monga amafunira anyamata ena, imatsala ndi 70, kufanana ndi m'lifupi mwa foni. Tsopano muikemo anthu ndi katundu, muipititse pa mahampu a m'matauni mwathu, m'misewu ya m'makwalala imene mvula ya mu January yakumba, kapena kumudzi kumaliro. Choyamba kukhula ndi bampala, kenako ekizozi, ndipo tsiku latsoka mwala umaboola sampu. Oyilo akatayika dalaivala osazindikira, injini yonse yapita. Kudutsa hampu chopingasa, tayala limodzilimodzi, kumathandiza, koma sikuchotsa miyala mumsewu.

Sindikuti kutsitsa n'kulakwa. Kukachitika bwino, galimoto siyendanso chopendama pokhota, mphuno siigwa kwambiri mukaponda buleki, ndipo chiwongolero chimamvera msanga. Koma tisanamizane, injini siwonjezera mphamvu ngakhale pang'ono. Komanso pa msewu wa mabampu, galimoto youma kwambiri imagwira msewu moperewera kuyerekeza ndi yofewerapo, chifukwa matayala amangodumpha pamwamba pa mabampuwo m'malo mowatsatira. Zomwe zimagwira ntchito pa bwalo la mpikisano la Kyalami ku South Africa sizingafanane ndi za msewu wopita kwanu.

Nkhani ya ndalama ndiyo imapusitsa ambiri. Zida zimenezi zimachokera kunja, zimafuna forex ndi msonkho, ndipo ma shock anayi abwino amadula kuposa masipuling'i. Ndiye munthu amati ndiyambe ndi masipuling'i, ma shock ndidzaona. Koma kuti musinthe chilichonse mwa ziwirizi, amakaniko amamasula malo omwewo. Mukachita padera mulipira ntchito kawiri, alignment kawiri, mwinanso ndi matayala awiri pamwamba. Musaiwalenso kuwadziwitsa a inshuwalansi kuti mwasintha galimoto, kuopa kukangana nawo tsiku la ngozi.

Langizo langa ndi lophweka. Gulani masipuling'i ndi ma shock opangidwira mtundu ndi chaka cha galimoto yanu, musatsitse kupitirira mamilimita 25 kapena 30, ndipo musiye ndalama ya alignment pambali musanayambe. Ngati m'thumba mukukwana masipuling'i okha, dikirani kaye, galimoto siithawa. Ndipo ngati ma shock omwe alipo atopa kale, yambani ndi amenewo. Mwina mudzadabwa kuona kuti galimoto yomwe mumati ndi yolemera pokhota imangofuna ma shock atsopano basi.