Moto Sudziŵa Kuti Ndi Seŵero

Pa 29 June 1613, m'nyumba ya zisudzo ya Globe ku London, munali seŵero la Shakespeare lotchedwa Henry VIII. Pofuna kulikometsa, anaomba mzinga. Zoyaka zinagwera padenga laudzu, nyumba yonse nkupsa. Mwamwayi panalibe wofa. Koma mu 1903, ku Iroquois Theatre mumzinda wa Chicago, nyali itayatsa chinsalu cha pansanja, anthu pafupifupi 600 anafa. Njira zina zinali zokhoma, kuti olipira ndalama zochepa asaloŵerere mipando ya olipira zambiri.

Tsono mphunzitsi wokonzekeretsa ana ake mpikisano wa zisudzo wa ATEM ayenera kulingalira zimenezi. Kandulo ndi nyali ya palafini zisayandikire chinsalu. Kuseri kwa nsanja kukhale ndowa ya mchenga, pakuti wothira madzi pamoto wa magetsi angagwidwe nawo magetsiwo. Wophunzira asalumikize mawaya, ndipo wokwera pamakwerero akhale ndi mnzake womgwirira. Ngati nsanja ndi ya madesiki, amangidwe pamodzi zolimba. Mkondo ndi chikwanje zikhale za makatoni, ndipo ndewu ya m'seŵero iyeserezedwe pang'onopang'ono kufikira aliyense atadziŵa poponda.

Chachikulu ndi makomo. Ena amakhoma zitseko za holo poopa oloŵa ulere, osadziŵa kuti akutsekera ana a eni mumsampha. Pakhomo paime mlonda, osati loko, popeza chakudza sichiimba ng'oma. Imfa ya m'seŵero ndi yonamizira. Wofayo adzuke, aombeledwe m'manja, napite kwawo wamoyo.