Ophunzira Odzagwira Ntchito Mongodzipereka: Momwe Ulendo wa Gulu Umayendera

Chaka chilichonse, makamaka mu Julaye ndi Ogasiti pamene sukulu za ku Ulaya ndi ku America zili pa tchuthi, m'Malawi mumafika magulu a ophunzira odzagwira ntchito mongodzipereka. Amabwera khumi kapena makumi awiri, motsogozedwa ndi mphunzitsi, wansembe kapena wantchito wa bungwe, ndipo amakhala milungu iwiri, itatu, ena mpaka miyezi itatu. Salandira malipiro. Ambiri amadzilipirira okha ndege ndi chakudya pogwiritsa ntchito ndalama zomwe asonkhetsa kwa makolo, kutchalitchi ndi kusukulu kwawo. Kumudzi amangodziwika kuti mavolontiya.

Mchitidwewu unayamba kalekale. Achinyamata a Peace Corps ochokera ku America anayamba kufika kuno mu 1963, dziko lisanalandire ufulu, ndipo achinyamata odzipereka a ku Japan anatsatira mu 1971. Koma awa amatumizidwa mmodzimmodzi, amakhala zaka ziwiri ndipo amaphunzira chilankhulo. Maulendo afupiafupi a magulu anachuluka pambuyo pake. Pangano lomwe Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell anasaina mu 2005 linalimbitsa ubale wa Malawi ndi Scotland, ndipo sukulu zambiri za m'maiko awiriwa zinapalana ubwenzi. Kuyambira mu 2011 mpaka mu 2020 boma la Britain linkalipirira ndondomeko ya International Citizen Service, yomwe inkatumiza achinyamata a zaka 18 mpaka 25 kwa milungu 10 mpaka 12. Ku Balaka njira inatsegulidwa ndi ansembe a chipani cha Montfort ochokera ku Italy. Bambo Mario Pacifici, omwe dzina lawo limayendera limodzi ndi Alleluya Band ya mu 1978 komanso bungwe la Andiamo la mu 1984, anakopa anthu ambiri a kwawo kudzathandiza pa ntchito za sukulu, chipatala ndi zomangamanga.

Magulu ambiri amathera pafupi ndi msewu wa tala: m'tauni ya Balaka, pa Liwonde ndi m'midzi yozungulira malo osungirako nyama a Liwonde, omwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira mu 2015. Nayuchi ndi kwina. Ili kum'mawa kwenikweni kwa boma la Machinga, m'chigwa cha pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, pomwe njanji yopita ku Nacala, yomwe inatsegulidwa mu 1970, imalowera ku Mozambique. Anthu akumeneko amadalira mpunga, chimanga ndi nsomba, ndipo mvula ikalimba kuyenda kumavuta. Madera otere ndi amene amasowa zambiri, koma ndi amenenso alendo safikako kawirikawiri, chifukwa wokonza ulendo amayang'ana kaye kufupi kwa chipatala, magetsi ndi malo ogona.

Wophunzira akafika, ntchito yoyamba si kugwira fosholo ayi, ndi kukaonekera kwa amfumu. Gulu limakhala pamphasa kapena pamabenchi pansi pa mtengo, wotanthauzira amafotokoza chomwe alendo adzera, ndipo a komiti ya chitukuko cha m'mudzi, a komiti ya sukulu ndi aphunzitsi aakulu amalankhula motsatizana. Kwa wachinyamata wozolowera kuyamba zinthu pa ola lenileni, msonkhanowu umaoneka ngati kutaya nthawi, chonsecho ndi pomwe ntchito yonse imamangidwa kapena kugwa. Gulu lolumpha mwambowu limapeza kuti mchenga sukubwera ndipo amayi otunga madzi sakuoneka.

Amene agonekedwa m'mabanja ndi omwe amaphunzira zambiri. M'mawa mtsikana wa ku Glasgow kapena ku Bergamo amadzutsidwa ndi tsache la pabwalo, amapatsidwa chitenje kuti amange pamwamba pa buluku, n'kutsagana ndi ana a pakhomopo kumjigo. Ndowa yomwe mwana wa zaka khumi amasenza osagwirira, iye imamukhuthukira asanafike pakhomo. Madzulo amasamba m'manja m'beseni, amaphunzira kutema nsima yotentha ndi kuiumba m'dzanja lamanja asanapisize mu ndiwo za matemba kapena chisoso. Amaphunzira kunena "Odi" asanalowe, kulandira chinthu ndi manja awiri, ndi kuitana mwini nyumba kuti "amayi", osati dzina lawo. Ku Machinga, komwe Asilamu ndi ambiri, amaphunziranso kuti Lachisanu masana ntchito imaima, ndi kuti m'mwezi wa Ramadan sadyera poyera pamaso pa osala. Pa zovuta za m'thupi, zofala ndi kutsegula m'mimba ndi malungo, n'chifukwa chake amauzidwa kumwa mankhwala oteteza, kugona m'masikito ndi kupewa kusamba m'madzi odikha momwe muli likodzo.

Ntchito yeniyeni nthawi zambiri imakhala kumanga kapena kupenta chipinda chophunziriramo, kukumba zimbudzi, kufesa mitengo m'nazale, kusewera ndi ana ndi kuthandiza kuphunzitsa Chingerezi. Apa ndi pomwe pamafunika kunena zoona. Wophunzira wa zaka 17 yemwe sanagwirepo chipande cha matope sangapose mmisiri wa pa Ntaja kapena pa Nsanama. Amene amaika njerwa molunjika ndi mmisiriyo, ndipo alendo amangomupatsira matope ndi madzi. M'kalasi zinthu zimavutanso. Kuchokera pomwe maphunziro a pulaimale anakhala aulere mu 1994, si zachilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi imodzi ya Sitandade 1, ndipo anawo kwawo amalankhula Chiyao kapena Chichewa. Mlendo wongodziwa Chingerezi amaimba nawo nyimbo, ana n'kusangalala, koma silabasi siyenda. Komanso chaka cha sukulu m'Malawi chimatha mu Julaye, choncho obwera mu Ogasiti amapeza makalasi ali otseka.

Pali ntchito ziwiri zomwe wophunzira sayenera kupatsidwa. Yoyamba ndi ya chipatala. Yemwe sanamalize maphunziro ndipo sanalembetse ku Medical Council of Malawi kapena ku bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba alibe chilolezo chobaya jakisoni kapena kubadwitsa mwana, ngakhale chipatala chikhale choperewera antchito chotani. Yachiwiri ndi yolera ana m'nyumba za ana amasiye kwa masiku ochepa. Mwana amazolowera munthu, munthuyo n'kuchoka, kubwera wina, nayenso n'kuchoka, ndipo bala la mumtima limakulirakulira. Mabungwe oteteza ana akhala akuchenjeza kuti ana ambiri a m'nyumba zotere ali ndi kholo kapena achibale, ndipo mu 2018 dziko la Australia linaika m'gulu la ukapolo wamakono mchitidwe wosonkhanitsa ana m'nyumbazi pofuna kukopa ndalama za alendo. Kujambula ana odwala kapena ausiwa n'kuwaika pa Facebook popanda chilolezo cha makolo nakonso n'kulakwira anthu omwe alandira mlendo ndi manja awiri.

Izi sizikutanthauza kuti maulendowa alibe phindu. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nthawi zina funso la mlendo limadzutsa nkhani yomwe mudzi unaizolowera, monga chifukwa chomwe atsikana amachepera m'makalasi apamwamba. Ndalama zomwe gulu limabweretsa zimagula simenti ndi malata, zimalipira amisiri, ophika ndi akabaza. Phindu lalikulu, komabe, limapita kwa wophunzirayo. Amabwerera kwawo atadziwa kulemera kwa ndowa ya madzi ndi mtengo wa thumba la feteleza, ndipo ena mwa iwo ndi amene pambuyo pake amasonkhetsa thandizo kukagwa tsoka ngati namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Magulu omwe amasiya chinthu cholimba ndi amene amagwira ntchito yosankhidwa ndi eni mudzi, amabwerera pamalo omwewo chaka ndi chaka, ndipo amaphatikiza alendo ndi achinyamata a kuno. International Citizen Service inkachita zimenezi: wa ku Britain ndi wa ku Malawi ankagona nyumba imodzi ndi kugwira ntchito imodzi.

Chosowa chachikulu n'chakuti njirayi imayenda mbali imodzi. Wophunzira wa ku Machinga wofuna kukadzipereka ku Ulaya amafunika pasipoti, visa ndi ndalama za ndege zoposa zomwe banja lake limapeza pa chaka. Mipata ilipo koma ndi yochepa. Bungwe la African Union linakhazikitsa gulu la achinyamata odzipereka mu 2010, ndipo limatumiza omaliza maphunziro kukagwira ntchito m'maiko ena a mu Africa kwa chaka chimodzi. Ndondomeko ya weltwärts ya ku Germany inayamba kulandira achinyamata ochokera kumaiko osauka mu 2013. CorpsAfrica imatumiza achinyamata a ku Malawi kukakhala m'midzi ya m'dziko lawo lomwe.

Kwa wophunzira wa ku Nayuchi, dziko lakunja lili pafupi kuposa Liwonde. Kungodutsa malire wafika pa Entre Lagos, m'chigawo cha Niassa, komwe anthu amamva Chinyanja ndi Chiyao, amawedza nyanja ya Chiuta yomweyo ndipo amavutika ndi malungo, kolera ndi madzi osefukira ngati anzawo a kuno. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, Malawi inasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo maubale a m'malire alipobe mpaka lero. Sukulu za sekondale, mipingo ndi mizikiti ya ku Machinga ndi Balaka ingathe kukonza maulendo a magulu odzala mitengo kapena ophunzitsana zaukhondo ndi anzawo a tsidya linalo, pa mtengo wa chiphaso cha m'malire, kabaza ndi thumba la ufa.